Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA: bwerani mudzayeze mpweya wa ku Balaka tisanayambe kulozana zala

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Ulongwe, m'dera la mfumu yaikulu Kalembo, m'boma la Balaka. Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndilitchuliretu lisanasochere m'mawu ambiri. Bungwe lanu libwere lidzayeze mpweya umene tikupuma kuno ku Balaka ndi ku Machinga, liyambe tsopano lino, ndipo zimene lapeza lizizilemba m'Chichewa ndi m'Chiyao n'kumazimata poti mayi wopita kumsika akhoza kuima n'kuwerenga.

Boma lathu likusintha tikuona ndi maso. Kale munthu akati Balaka, anthu ankaganiza za thonje, malambe, dzuwa loswa mtengo ndi siteshoni ya sitima. Lero kwamangidwa fakitale yaikulu ya simenti ya Portland Cement Malawi, kampani imene a Huaxin a ku China anaigula mu 2021. Ku Kangankunde a Lindian Resources a ku Australia akutsegula mgodi wa miyala yosowa imene maiko olemera akuilimbirana. Kumapiri a Chenkumbi anthu akhala akuotcha laimu m'mauvuni kuyambira kalekale. Ku Njereza, m'boma la Mangochi, kuli fakitale inanso ya simenti. Ndipo sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize zimadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde popita kudoko la Nacala.

Ndilibe dandaulo ndi kampani iliyonse mwa izi, ndipo ntchito zimene zabwera nazo tikuzifuna. Mudzi uliwonse wa kuno uli ndi anyamata amene anakwera basi ya ku Joni chifukwa kwawo kunalibe chogwira, ndipo ena mwa iwo anabwerako ali m'bokosi. Mnyamata akapeza ntchito pafupi ndi amayi ake, ine ndimathokoza Mulungu. Chimene chikundisowetsa tulo n'china. Tsiku lina mwana adzayamba kubanika usiku, mudzi udzati ndi fumbi la kampani, kampani idzati ndi utsi wa kukhitchini kwanu, ndipo sipadzakhala ndi mmodzi yemwe wogwira umboni m'manja. Pamenepo wamphamvu ndiye adzapambane, ngakhale atakhala wolakwa. Kapenanso kampani yosalakwa idzagendedwa miyala pazifukwa zimene si zake. Zonse ziwirizi n'zoipa, ndipo zonse zimapeweka ndi kuyeza.

Dziko lathu linatsala pang'ono kuphunzira nkhani imeneyi kalekale. Mapaini a ku Chikangawa sanabzalidwire matabwa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 boma linabzala nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 pa Viphya kuti idzadyetse fakitale yophika phala lopangira mapepala, imene inati imangidwe ku Chintheche m'mphepete mwa nyanja, ndipo kampani yake, Viphya Pulp and Paper Corporation, inakhazikitsidwa ndithu. Fakitaleyo sinamangidwe. Ndalama zake zinakula kwambiri, komanso panali mantha ndi madzi oipa amene akanatsirira m'nyanja. Alipo amene mpaka lero amadandaula ntchito zimene zinatiphonya pamenepo, ndipo ndimawamvetsa. Koma a ku Kenya amene anamanga yawo ali ndi mbali ina yotiuza.

Ku Webuye, kumadzulo kwa Kenya, fakitale ya Pan African Paper Mills inayamba ntchito mu 1974 m'mbali mwa mtsinje wa Nzoia. Popanga mapepala, zipika amazidula tizibenthu ting'onoting'ono n'kutiphika m'mathanki ndi soda wamphamvu pamodzi ndi mankhwala a salufa mpaka mtengo usanduke phala, ndipo m'kuphikako mumatuluka mpweya wa fungo la mazira owola, umene mphuno imaumva ngakhale utachepa bwanji. Kwa zaka zoposa 30 anthu a m'tauniyo anadandaula fungolo, anadandaula zifuwa ndi maso oyabwa, anaonetsa alendo malata a nyumba zawo atadyedwa ndi dzimbiri nthawi yake isanakwane. Mu 2009 fakitale inatsekedwa, ndipo chinaitseka si madandaulo aja ayi, koma ngongole. Mpweya unayera, tauni n'kugwa. Antchito anatsala manja ali m'khosi, masitolo anatsekedwa, ndipo anthu anayamba kupempha boma kuti fakitale itsegulidwenso. Anthu a ku Webuye anawasiya asankhe pakati pa nsima ndi mpweya, pamene ntchito ya boma inali yoonetsetsa kuti ali nazo zonse ziwiri. Bwana, ine sindikufuna Balaka adzafike pamenepo.

Abale athu amene ali ku Durban akudziwa Merebank ndi Wentworth, midzi yopanikizana pakati pa fakitale ya mapepala ya Mondi ndi malo amene kale ankayengerako mafuta. Anthu a kumeneko anatopa n'kuuzidwa kuti fungo silipha. Mu 1995 anapanga bungwe lawo, South Durban Community Environmental Alliance, ndipo patapita zaka zochepa, mothandizana ndi bungwe la groundWork, anayamba kudziyezera okha. Chida chawo chinali chidebe wamba cha pulasitiki, m'kati mwake muli thumba lapadera ndi kapampu kokoka mpweya. Fungo likamveka, kaya ndi pakati pausiku, munthu ankatuluka ndi chidebe chake, n'kutapa mpweyawo, n'kulemba tsiku ndi ola, thumba lija n'kulitumiza ku labotale. Zotsatira zitabwera zosonyeza mankhwala oopsa mumpweya, nkhani inasintha nkhope. Akadaulo a zaumoyo atayeza ana a pasukulu ya Settlers Primary ku Merebank anapeza kuti pafupifupi theka la iwo ali ndi zizindikiro za mphumu. Mu 2003 bungwe lija linatengera kukhoti akuluakulu a zachilengedwe a chigawo cha KwaZulu-Natal pankhani ya ng'anjo yotenthera zinyalala imene a Mondi ankafuna kumanga, ndipo khoti linathetsa chilolezo chake chifukwa sichinaperekedwe motsata lamulo. Mu 2004 dziko la South Africa linakhala ndi lamulo lapadera loona za mpweya. Ndipo pa 18 March 2022 bwalo lalikulu la ku Pretoria, pamlandu umene anasuma mabungwe a groundWork ndi Vukani, linagamula kuti mpweya woipa wa kudera la Highveld ukuphwanya ufulu umene malamulo aakulu a dzikolo amapatsa nzika. Zonsezi zinaima pa chinthu chimodzi: manambala olembedwa, okhala ndi tsiku ndi malo.

Koma onaninso mtengo wake. Ku Mufulira, m'dziko la Zambia, anthu anakhala zaka zambiri akupuma utsi wa salufa wochokera m'ng'anjo yosungunulira kopa, utsi umene iwo amautcha senta. Pa 31 December 2013 bwanamkubwa wa bomalo, mayi Beatrice Mithi, anabanika ndi utsiwo ali kumapemphero ndipo anamwalira. Banja lawo linasuma, ndipo mu 2020 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti kampani ya Mopani, mwini wake wa ng'anjoyo, ilipire chipepeso cha 1 miliyoni kwacha ya ku Zambia. Ameneyo anali DC, munthu wodziwika, ndipo chilungamo chake chinatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Nanga wogulitsa zitumbuwa pa Ulongwe pano chake chingatenge zingati? Akuluakulu amati mlandu suola, n'zoona, koma mapapo a munthu sadikira tsiku la chigamulo. Ku Moatize komwe kumachokera malasha odutsa pa Liwonde aja, anthu atatopa ndi fumbi sanadikire khoti: mu October 2018 analowa mumgodi n'kuimitsa makina. Munthu amene wasowa komudandaulira amathera pamenepo, ndipo sindikufuna kudzaona anyamata athu akuthamangitsana ndi apolisi pageti la fakitale.

Malamulo tili nawo, Bwana, ndipo ndi abwino. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe kuti anthu azikhala ndi kugwira ntchito pamalo aukhondo, ndipo limakumbukira ngakhale ana amene sanabadwe. Lamulo loona za chilengedwe la 2017, lomwe linabala bungwe lanu, limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga thanzi, ndipo limalola munthu kupita kukhoti kukaletsa mchitidwe woononga chilengedwe popanda kuyamba wasonyeza kuti iyeyo wavulala. Limanenanso kuti woononga ndiye azilipira. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani kuchokera kumaofesi linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ndipo Amalawi tinaonetsa kale kuti khoti timalidziwa njira yake. Boma litaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, koma anthu ngati mayi Gloria Majiga-Kamoto ndi mabungwe anzawo sanagone, mpaka mu July 2019 bwalo la apilo linagwirizana ndi chiletsocho. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ngakhale pambuyo pa chigamulocho ziletso za khoti zinapitirira kukumangani manja kwa zaka zingapo.

Komatu jumbo limaoneka. Ukhoza kulitola mumsewu, kuliyeza makulidwe ake, n'kuliika patebulo la woweruza. Mpweya ungautole bwanji? Mlimi wa kwa Kalembo atati agwiritse ntchito ufulu wake uja, agulitse mbuzi apeze thiransipoti ya ku Zomba kapena ku Blantyre, apeze loya womumvera chisoni kapena wa ku Legal Aid Bureau, funso loyamba limene adzakumane nalo ndi la umboni. Fumbilo linali lochuluka bwanji, tsiku liti, mphepo ikuchokera kuti, ndipo fakitale isanabwere kunali bwanji? Loya wa mbali inayo adzafunsa mayi wa mwana wodwalayo kuti amaphikira chiyani, ndipo mayiyo adzayankha zoona, kuti nkhuni.

Pamenepa tisanamizane. Utsi wambiri umene timapuma kuno ndi wathu womwe. Mayi amaphika pamafuwa atatu m'kakhitchini kopanda zenera, mwana ali kumsana. Mauvuni a njerwa amafuka usiku wonse m'mphepete mwa midzi, a makala amafuka m'mapiri, ndipo chilimwe chikafika tchire limayaka chifukwa cha osaka mbewa, mapesi amatenthedwa m'minda, zinyalala za pamsika zimatenthedwa pamodzi ndi mapulasitiki ake. Bungwe la WHO limati mpweya woipa, wa m'nyumba ndi wa panja, umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo gawo lalikulu la imfazo limachokera m'makhitchini ngati athuwa. Ena anganene kuti ngati zili choncho tisiye kulondalonda mafakitale, tiyambe takonza kwathu. Ine ndikuti chifukwa chomwechi ndiye kuyeza kukufunika msanga. Chifuwa chimene chafooka kale ndi utsi wa nkhuni sichingapirire katundu wina woonjezera, ndipo tikapanda kudziwa kuchuluka kwa utsi wathuwu lero, sitidzatha kusiyanitsa wathu ndi wobwera mawa.

Ndinaimapo pafupi ndi uvuni wina wa laimu nthawi yophula. Amuna amene ankagwira ntchitoyo anali mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kuzala za kumapazi, nsidze zoyera, maso okha ali psuu. Pakamwa anamanga zidutswa za chitenje zonyowetsa, ndipo wina atamasula chake kuti amwe madzi ndinaona milomo yake itang'ambikang'ambika. Atathira madzi pamiyala yootchayo kunakwera nthunzi yoyera imene inandilowa pakhosi ngakhale ndinali chapatali, ndipo iwo anangotembenuza nkhope n'kupitiriza kupalasa ndi mafosholo. Chakumunsi, mayi wina anali atayanika ufa pamphasa. Mphepo itatembenuka anathamanga n'kuufunditsa nsalu, akudziwa kuti suuma bwino, koma akudziwanso kuti akapanda kutero nsima ya madzulo ichita lubwe m'mano. Anthu amenewa si zigawenga zoti muwatumizire apolisi. Laimuyo ndiye sukulu fizi ya ana awo. Akufunika wina awauze chimene fumbilo limachita m'mapapo pakatha zaka khumi, awathandize kupeza zotchinga pamphuno zenizeni ndi mauvuni osamwaza utsi, ndipo wina ameneyo ndi inu pamodzi ndi khonsolo.

Fumbi limene mayi uja analiona n'kulithawa ndi lalikulu, ndipo lambiri mphuno imalitchinga. Loopsa ndi losaoneka, tizidutswa timene akadaulo amatitcha PM2.5, timene timalowa mpaka pansi pa mapapo n'kudutsira m'magazi. Mu 2021 a WHO anati tisamapitirire mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita ya mpweya patsiku, ndi 5 tikawerengera chaka chonse. Ng'anjo ya simenti imatentha mpaka madigiri pafupifupi 1,450, ndipo pamodzi ndi fumbi imatulutsa mpweya wa salufa ndi wa naitirojeni. Fakitale yamakono imakhala ndi zosefera zimene zimagwira pafupifupi fumbi lonse lisanatuluke pachumuni, ndipo zikamagwira ntchito bwino oyandikana nayo amagona mwamtendere. Koma zosefera zimang'ambika, zimafuna kusinthidwa, ndipo kusinthako n'ndalama. Chaka choyamba chilichonse chimawala. Nkhawa yanga ili pa chaka chachisanu ndi chakhumi, pamene alendo a tsiku lotsegulira anaiwala kale njira, ndipo woyendera amabwera masana atachita kuimbiratu foni.

Mayi aliyense kuno amadziwa chifukwa chake amapita ndi mwana kusikelo mwezi ndi mwezi ngakhale mwanayo akusewera bwinobwino. Amapita kuti mzere wa m'kabuku ukayamba kutsika, mlangizi wa zaumoyo auone msanga, poti akudziwa pamene unali mwezi wathawu. Mpweya wathu ukufunika kabuku kotero, ndipo tsamba lake loyamba liyenera kulembedwa pano zinthu zisanapite patali.

Choncho ikani zida zoyezera pasukulu ndi pazipatala za m'midzi yoyandikana ndi mafakitale, migodi, mauvuni ndi njanji. Ikaninso china kuno ku Ulongwe, ngakhale tili kutali ndi chumuni. Ndikupempha dala, chifukwa popanda malo akutali oyerekezera, manambala a pafupi sanena kanthu. Chathu chidzasonyeza utsi wa nkhuni ndi fumbi la msewu wa M3 lokha, ndipo kusiyana kwake ndi cha pafupi ndi fakitale ndiko kudzakhale umboni, kaya wotsutsa kampani kaya woiyeretsa. Zida zotere masiku ano zilipo zotsika mtengo, zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo kumayunivesite a MUBAS ndi KUHeS kuli aphunzitsi ndi ophunzira amene angazisamale n'kumasulira zimene zikunena. Ndalama zake zichokere kwa eni ntchito zotulutsa fumbizo, monga lamulo lanu linenera, koma makiyi a zidazo asakhale m'thumba mwawo. Zimene makampani amayeza okha pachumuni n'kutumiza kuofesi kwanu zisamathere mufayilo ku Lilongwe. Zifike kwa DC, kwa mafumu, kumakomiti a chitukuko a ADC ndi VDC, ndipo zizimveka pa Radio Maria ya ku Mangochi kapena pa Luntha TV ya pa Balaka pompa, m'mawu oti agogo akumva: mwezi uno fumbi linapitirira muyezo masiku akuti, pamalo akuti, ndipo tachitapo chakuti.

Palinso nkhani ya malipoti a ESIA, amene kampani imalemba isanapatsidwe chilolezo. M'malipoti amenewa muli malonjezo: kuthira madzi m'misewu ya malole, kufunditsa katundu, kutalika kwa chumuni, mlingo wa fumbi umene sadzaupitirira. Anthu amaitanidwa kumsonkhano pansi pa mtengo, amasaina papepala la obwera, amaomba m'manja, kenaka lipoti limatuluka m'Chingerezi, masamba mazanamazana, ndipo mwini mudzi saliona n'komwe. Lonjezo limene wolonjezedwa salidziwa sangalilondole. Tipatseni masamba awiri kapena atatu a malonjezo enieniwo m'zilankhulo zathu, akhale kubwalo la mfumu ndi kuofesi ya khonsolo, kuti lole ikadutsa yosafunditsa, mwana wa sukulu adziwe kuti pangano laphwanyidwa ndipo adziwe nambala yoimbira.

Mbali yathu tidzachita. Makomiti a m'midzi akhoza kusunga kope lolembamo tsiku, ola, kumene mphepo ikuchokera, kaya ndi mwera kaya mpoto, ndi chimene chaoneka kapena kununkha. Alangizi a zaumoyo amalemba kale ana odwala chibayo ndi mphumu m'mabuku awo. A zaumoyo paboma akagwirizana nanu, manambala a chipatala ndi a mpweya akhoza kuwerengedwa limodzi chaka ndi chaka. Kope lotere silifuna ndalama zambiri, limafuna kuti wina wa kuofesi kwanu abwere adzatiphunzitse kulemba moti khoti likhoza kulandira, ndipo azibwera kudzaliwerenga. Ndikudziwa kuti antchito anu ndi ochepa ndipo dziko ndi lalikulu. N'chifukwa chake ndikuti maso a anthu a kuno muwatenge akhale anu.

Ndikukupemphani mutiyankhe molemba, kudzera kwa DC wa Balaka ndi wa Machinga, kuti kuyeza kuyamba mwezi uti ndi malo ati, komanso kuti malipoti a ESIA a ntchito zimene ndatchulazi tingawapeze kuti. Mukatuma nthumwi kumsonkhano wa ADC kuno ku Ulongwe, mafumu ndi anthu awo adzabwera, pakuti nkhaniyi imakambidwa kale pamaliro ndi pamjigo. Yankho likachedwa, ine ndi anzanga tidzalemba pempho motsata lamulo la ufulu wopeza nkhani lija, ndipo kope lake tidzatumiza ku Malawi Human Rights Commission, imene lamulolo linaipatsa udindo woliyang'anira.

Ndine wanu mwaulemu,

Nzika ya ku Ulongwe,
Mfumu yaikulu Kalembo, Balaka